Chingwe cha pa Msomali

Lolemba, 3 Juni
Anthu a pamaliro apita onse. Atsala alamu, mlongo wawo wa malemu amuna anga. Akuti sangasiye munthu wosaona yekha m'nyumba. Mtima wabwino, koma manja osakhazikika. Asuntha tebulo, mipando, ndowa. M'nyumba mwanga momwe ndikuyenda ngati mlendo. Bondo latupa.

Lachitatu, 5 Juni
Geti lokiya. Kiyi ali pakhosi pa alamu, ndimamumva akamawerama. "Mupita kuti, alamu? Magalimoto a msewu uno sayang'ana munthu."
Pakhonde ndi buku langa la timadontho. Zala zikuyenda, mutu kulibe. Tsamba lomwelomwelo.
Chingwe chathu chothamangira chikadali pa msomali kuseri kwa chitseko. Chachifupi, mfundo uku ndi uku: ina ya dzanja langa, ina ya dzanja la amuna anga. Mbali yawoyo ikumvekabe thukuta.

Loweruka, 8 Juni
Miyendo yandidzutsa m'mamawa. Iyo sinamve za maliro.
Loweruka ngati lino tinkathamanga awiri mpaka ku bwalo la masewero, iwo kumanzere kwanga. Sankakoka chingwe. Ankangonena. "Dzenje, lumpha." "Mwala kumanja." "Tikukwera." Ndikayamba kuwasiya m'mbuyo: "Mayi, mabuleki! Ine ndili ndi mimba ya mu ofesi."
Akochi, otiphunzitsa kuthamanga, aimba foni. Apepesa bwino ndithu. Otsogolera othamanga osaona ndi ochepa, aliyense ali kale ndi wake. Ndidikire kaye. Mpaka liti, sananene.

Lachiwiri, 11 Juni
Ndazungulira nyumba, dzanja pa mpanda. Mpanda, mpopi, waya woyanikira zovala, mpandanso. Dziko langa lonse.
Alamu pawindo: "Samalani!"
Ndisamale chiyani? Mawu amenewa sandiuza kanthu. Ndangoima ngati chitsa, osadziwa ngati ndi njoka kapena tsache. Linali tsache.

Lachisanu, 14 Juni
Nsapato zanga zothamangira zasowa. Alamu aziika pamwamba pa kabati, akuti zisamandipweteke mtima. Ndakweza mawu, koyamba chibwerereni iwo. Ndati amwalira ndi achimwene anu, osati miyendo yanga.
Akalirira kubafa, mpopi wotsegula kuti ndisamve. Ndaiwala kuti nawonso aferedwa. Nsapato azibweza pansi pa bedi. Geti lokiyabe.

Lachiwiri, 18 Juni
Mvula. Palibe cholemba.

Loweruka, 22 Juni
Ndafufuza kuseri kwa chitseko, msomali wokha, chingwe palibe. Kenako alamu pakhomo, nsapato za malemu zikuwakulira, zikulira phwa, phwa.
"Gwirani uku. Koma ndikafera panjira mukayankha ndinu."
Anaima kumanja, ndinawabweza kumanzere. Anayamba kundikoka ngati mbuzi yopita kumsika. Ndinati chingwe chizilendewera, otsogolera ndi pakamwa. Pokhota msewu: "Samalani!" Tonse awiri m'matope, khu. Anatukwana, anapepesa, anatukwananso. Ndinawauza kuti azitchula chinthucho ndi mbali yake, basi.
Ku bwalo sitinafike. Mpweya unawathera pa golosale.
Pobwerera, ali wefuwefu: "Dzenje! Kumanja... ayi, kumanzere... aaa, alamu, ingolumphani!"
Ndinalumpha. Linali jumbo chabe.
Tsopano agona pa mpando, miyendo m'beseni, akubuula. Chingwe chikadali m'dzanja mwawo. Geti aiwala kukiya. Ine sindiwakumbutsa.