Mwana Wamwamuna wa pa Tsamba 62

Lolemba, 5 Ogasiti

Msonkhano wa akuluampingo. Buku la maphunziro la Abusa Belmiro lisindikizidwanso, akale aja masamba anatha kuthothoka. Wolitayipa ndine. Funso langa linali limodzi: kodi "ana aamuna a Mulungu" awa tiwasiye choncho? Chipwitikizi cha m'bukumu chili chotero, tsamba ndi tsamba. "Amuna okhulupirika", "abale". Mlongo osatchulidwa n'kamodzi komwe. Bambo Jossias, mkulu wa mpingo, anangoti, "Mayi Ermelinda, takupatsani ntchito ya zala, osati ya mutu." Anthu n'kuseka. Pobwerera ndinalira pang'ono pa njinga. Wopalasa sanadziwe.

Lachinayi, 8 Ogasiti

Masamba makumi awiri atheka. Vuto n'lakuti bukuli ndimalikonda. Mayi anga anandiphunzitsira kuwerenga m'menemu. Phunziro la kukhululuka lija mpaka lero limandichititsa tsemwe. Koma m'tchalitchi amayi thothotho, amuna mabenchi awiri, tonse n'kumayankhira limodzi kuti ndife ana aamuna. Mwana wanga Celeste anandifunsapo ngati kumwamba atsikana amakhala panja. Ndinamuuza adye msanga, achedwa kusukulu.

Lamulungu, 11 Ogasiti

Bambo Jossias alengeza kuti pasasinthidwe ngakhale chilembo chimodzi, chifukwa mwini buku ali moyo. Zoona, ali moyo. Ndiye ndipita kwa mwini wakeyo. Mantha.

Lachiwiri, 13 Ogasiti

Ku Coalane, kwa Amélia, mwana wa Abusa Belmiro. Abusa ali pakhonde. Zaka 88, maso anafa, koma malaya omanga mabatani mpaka m'khosi. Mpunga wa kokonati ndi nsomba. Atadya anati ndiwawerengere phunziro lachitatu. Ndili pakati anandidula: "Tabwereza, mwananga." Ndinabwereza.

Kenako anafotokoza. Bukuli analilemba nthawi ya nkhondo, akuphunzitsa pansi pa mtengo wa mango. Ophunzira makumi anayi, onse amayi. Amuna ena anatengedwa, ena anathawa.

Mawu awo ndiwalembe ndisanaiwale: "Ndinkawalalikira m'Chichuwabo chathu, m'mene mwana ndi mwana basi. Polemba ndiye ndinavala jekete la Chipwitikizi, n'kuwasandutsa onse amuna. Palibe anadandaula. Ine n'kumati ndiye kuti zili bwino."

Sanadziikire kumbuyo. Sanandidzudzule. Munthu wamkulu chonchija! Potsanzikana anangoti, "Mawa ubwere ndi pensulo."

Lachisanu, 23 Ogasiti

Masana aliwonse ku Coalane. Msana ukupweteka, zovala zosachapa mulu. Ndinkaganiza kuti tizingowonjezera "ndi alongo" paliponse. Abusa akana. Akuti, "Usaphatike zigamba, sokanso malayawo." Chiganizo chilichonse amachiphwasula n'kuchiumbanso pamtima, uku akugogoda pabondo kuti amve ngati chikuyenda. Chikatsimphina, tiyambirenso. Dzulo mzere umodzi ola lathunthu. Ndinakwiya. Nditauwerenga, wokoma kuposa wakale.

Bambo Jossias anatipeza Lachitatu, ati abwera kudzateteza buku. Abusa anawazindikira ndi katsokomoledwe kawo. "Jossias, wokubatiza ndine, koma Atate Wathu anakuphunzitsa ndi amayi ako. Khala pansi, uzititembenuzira masamba." Anakhala. Mpaka anatithandiza mawu awiri. Pochoka sanandiyang'ane, koma pakhomo anandisiyira njira kuti nditsogole.

Lachitatu, 4 Sepitembala

Tsamba 62, pemphero la otayika. "Ambuye, ndibwezereni mwana wanga wamwamuna." Ine ndinali nditadula kale ndi pensulo, kwatsala "mwana wanga". Nditawerenga, dzanja la Abusa linafufuza mpaka kugwira langa.

"Ameneyo musiye. Ameneyo ndi Tomé."

Amélia ndiye anandiuzira kukhitchini. Tomé anali mchimwene wake, wa zaka khumi ndi zinayi. Anagwidwa ndi asilikali panjira ya kumunda, bukuli lili pakati kulembedwa. Manda ake palibe, ngakhale mbiri yake. Zaka zonsezi mpingo wonse timapemphera mzere umenewu tikuyesa ndi mwana wolowerera wa m'fanizo.

Ndinafufuta mzere wa pensulo uja. Manyazi. M'buku lonse Abusa anandilola kuchotsa amuna onse osadandaula, apempha mmodzi yekha, ndipo mmodziyo ndi amene ndinamudula osafunsa.

Anati ndiwerengenso monga analembera. Ndinayamba, n'kulekera panjira. Iwo anapitiriza okha pamtima, osalumpha liwu. Pomaliza ndinadikira Ameni. Sananene. Anangotembenuzira nkhope kuchipata, n'kutchera khutu.