Abambo Sanafikebe Pamtengo wa Mango

Nairobi
14 June

Okondedwa achimwene a Jonasi,

Landirani moni wanga, inu ndi alamu anga a Tereza pamodzi ndi ana. Muli bwanji kwa Mlonyeni? Nanga amayi, mwendo uja ukuwalola kufika ku Guilleme Lamulungu, kapena akupempherera pakhonde? Ine kuno thupi lili bwino, kungoti kukuzizira ngati kwathu komweko, ndipo maso ayamba kuwawa ndi kupenyetsetsa kompyuta tsiku lonse.

Musadabwe kuti ndalemba papepala pamene foni ilipo. Kuntchito tinasainira kuti zam'katimo sitidzaulula, ndipo foni sindiikhulupirira. Kalatayi ndapatsira a Laston, adalaivala a thiraki aja ndinkawalembera mapepala a katundu pa boda ya Mchinji. Muwerenge muli nokha.

Uthenga wanu ndinaulandira, woti mwambo wa chiliza cha abambo uchitika mu August, komanso woti amayi akufuna vidiyo ija kuti abale adzaonere tsikulo. Mwandifunsa katatu konse, ine ndakhala ndikunamizira netiweki. Netiweki ilibe mlandu, achimwene. Ndimasowa poyambira.

Mukukumbukira chaka chatha nditangolowa ntchito, mabwana anati aliyense aitanitse kwawo mavidiyo a anthu akugwira ntchito zakumudzi, ojambulidwa kuchokera pamwamba. Anatiuza kuti ndi zothandiza paulimi. Inu munakwera mumtengo wa mango wa panjira yakudimba, nyerere zikukulumani, mukutukwana chamumtima. Abambo anakana kujambulidwa ndi malaya akumunda, ati sangakaonekere kunja ngati munthu wopanda ana. Anavala chikhoti chobiriwira chija ndinawagulira pakaunjika paboma, dzuwa la mu October lili phwee. Anakoleka khasu paphewa, n'kuyenda mwaulemu wawo wonse kuchokera pankhokwe mpaka pansi pa mtengowo. Atafika anayang'ana m'mwamba n'kuseka, kukufunsani ngati mwamaliza kuti avule chifukwa akupsa. Vidiyo yonse ndi masekondi 40. Patangotha miyezi iwiri tinawaika m'manda.

Foni yanu imene munajambulira inagwera m'chitsime, yanga anandilanda pokwera minibasi mu January. Malo okhawo amene abambo akuyendabe ndi m'makina akuntchito kwanga.

Kumudzi mumauza anthu kuti Dyna ali pa ofesi ya makompyuta. Si bodza, koma sizonse. Timakhala anthu pafupifupi 200 muholo imodzi yopanda mawindo. Amatipatsa zithunzi zojambulidwa kuchokera m'mwamba, ife n'kumazunguliza kabokosi pamunthu aliyense ndi kulemba chimene wanyamula: nkhuni, ndowa, khasu, mfuti. Mwezi woyamba ndinkadabwa kuti mfuti ikutani pankhani zaulimi. Kenako zinadziwika. Tikuphunzitsa makina oti akaikidwe mu droni, tindege topanda munthu ngati tija timanyamula mankhwala, koma iti ndi tankhondo. Chimene akufuna ndi droni yoti ikauluka izisankha yokha munthu womuombera, popanda msilikali woiuza.

Ine amandikonda pantchitopo chifukwa ndine mwana wa mlimi. Khasu ukalikoleka paphewa, mutu wake umalendewera kumsana, ndiye woona ali pamwamba amangoona mpini. Anzanga okulira m'tauni akaona chinthu chachitali paphewa la mwamuna amathamangira kulemba kuti mfuti. Ine ndimadziwa kuti munthu wopita kumunda sayang'anayang'ana m'mbali, ndipo dzanja amangolitsamiritsa pampini. Zimene ndinkathawa kwathu, kulima kwa m'mamawa kuja, ndi zimene zikundidyetsa kuno.

Lachisanu lililonse masana amayesa makinawo pasikirini yaikulu yapakhoma, tonse tikuonerera. Pali mavidiyo ena amene anawapatula n'kuwatsekera, ndipo ife sitiloledwa kuwatsegula, kuti akhale ngati mayeso amene mwana wasukulu sanawaonepo. Makina akaona kuti uyu ndi munthu wamba, kabokosi kamabiriwira, vidiyo n'kupitirira mpaka kumapeto. Akaganiza kuti ndi msilikali, kabokosi kamafiira, sikirini imachita mbee, vidiyo yathera pomwepo. Palibe amene amafa, ndi zoyeserera chabe. Anthu amaonera akumwa tiyi.

Lachisanu lachiwiri la mu March ndinangoona nkhokwe yathu pakhomapo. Ndinaizindikira ndi denga lopendekeka lija mwakhala mukunena kuti mukonza kuyambira ndili ku sekondale. Kenako chikhoti chobiriwira chinatulukira. Achimwene, mtima unadumpha ndi chimwemwe, ndinatsala pang'ono kuuza mnzanga wapambali kuti awo ndi abambo anga. Anayenda masekondi asanu ndi atatu. Kabokosi kanafiira, sikirini mbee. Munthu wina kumbuyo ananena kuti mdala wachikhoti uja wapitanso, ena n'kuseka pang'ono. Ine ndinanyamuka n'kutuluka muholomo.

Lolemba ndinapita kwa bwana wa gulu lathu kukamuuza kuti aja ndi abambo anga. Si munthu woipa, anandipepesa kwambiri ndipo anandikokera mpando. Koma anati vidiyoyo sangandipatse, chifukwa chilichonse cholowa m'makinawo sichitulukanso. Anatinso vidiyo ya abambo ndi imodzi mwa zofunika kwambiri pamayesowo popeza ndi yovuta: chovala chamtundu wa asilikali, chinthu chachitali paphewa, ndi munthu woyenda mowongoka. Abambo anawongoka tsiku lija chifukwa chofuna kuti tisachite nawo manyazi. Chikhoticho ndinasankha ndine, ndinasiya chakuda chifukwa chinali chong'ambika pathumba.

Bwanayo anandipatsa fomu. Anati ndikasaina, vidiyoyo aichotsa pamayeso, koma kuchotsako ndi kufufutiratu, sidzapezekanso kulikonse. Fomuyo ili m'chikwama changa kuyambira March. Yapindika m'makona monse. Ndikaitulutsa ndimaganiza za kuseka kuja kwa pansi pa mango, n'kuibwezera.

Ndiye ndinasankha njira ina. Vidiyo ya abambo sindingaikhudze, koma makina ndingawaphunzitse ndi makasu a anthu ena. Ndinapempha kuti zithunzi zonse za alimi zizibwera kwa ine. Ndalemba makasu a maiko amene sindinafikeko, a amayi obereka ana, a madala okwera njinga, a anthu opita kukakumba manda ali pamzere. Nthawi yankhomaliro anzanga akatuluka ine ndimatsala. Mu April abambo anafika masekondi 15, pachitsa paja. Mu May anafika 22. Lachisanu lapitali anafika 31, phazi lawo linaponda mumthunzi wa mango, kenako kabokosi kanafiira. Amayang'ana m'mwamba pa sekondi 38. Ndawerenga, ndawaona akuomberedwa maulendo khumi ndi anayi. Kumaliro ndinalira tsiku limodzi n'kutopa, kuno ndimalira sabata iliyonse ndipo sikutha.

Ndimakhala chipinda chimodzi ndi Temwani, mtsikana wa ku Chipata amene timagwira limodzi ntchito. Kupatula bwana uja, ndi yekhayo amene akudziwa. Sabata yatha tikuchapa anandiuza mawu amene sakundichoka m'mutu. Anati ndisamale ndi chimene ndikupempherera, chifukwa tsiku limene abambo adzafike pamtengopo ndi tsiku lomwelo mabwana adzati makina akhoza mayeso. Akakhoza adzawalongedza n'kukagulitsa, ndipo adzauluka pamwamba pa midzi yeniyeni, pamene sikirini sichita mbee chabe. Ndinamukwiyira. Koma sananame.

Bwana wathu amakonda kutiuza za nkhondo zam'tsogolo. Amati zidzakhala zaukhondo kuposa zakale, chifukwa makina saledzera, sakwiya, sagwirira akazi, ndiponso sipadzakhala mayi wolira mwana wake amene anapita kukamenya. Amati madroni adzauluka mazanamazana ngati mbalame zodya mapira, akuuzana okhaokha, ndipo nkhondo idzayamba ndi kutha munthu asanamalize kudya. Zina mwa zimenezo sindingatsutse. Koma akamayankhula ine ndimakumbukira nkhani ija abambo ankatiuza, ya nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, pamene anapita kukagula mbuzi kumalire n'kukumana ndi anthu amfuti. Anagwada, ndipo mmodzi wa iwo anawauza kuti atambasule manja. Ataona zikhatho zolimba ndi mpini anati uyu ndi mlimi, msiyeni azipita. Inu ndi ine tinabadwa chifukwa munthu wina anawerama n'kuyang'ana m'manja mwa abambo. Droni imaona pamutu ndi paphewa basi. Ungaigwadire bwanji, nanga ungaiuze kuti ndiwe mwana wa yani?

Ndikakhala phee ndimaganiza za adzukulu akwathu, mmene amayendera pamzere m'mamawa kupita kumanda, makasu ndi mapiki ali paphewa, opanda woyankhula. Makinawa gulu lotere amaliopa kuposa chilichonse. Ndimaganizanso za anyamata apaboda amene amadutsa njira zachidule ndi matumba panjinga. Onsewa ndawaika kale m'mabokosi, kungoti anali a kwina.

Mundifunsa kuti bwanji osangosiya n'kubwera. Ndadzifunsa ndekha kambirimbiri. Ndikachoka, pampando panga padzakhala mwana wam'tauni amene sanagwirepo khasu, ndipo abambo adzabwerera pa masekondi asanu ndi atatu. Makinawo adzawagulitsabe, ali osadziwa khasu. Ndikakhala, ndikunola mpeni wa eni ake. Lachisanu likamayandikira sindidziwa kuti ndipemphe chiyani kwa Mulungu, kuti afike kapena asafike. Kolona ndimangoigwira.

Mayeso omaliza akuti ndi a mu August, ndipo tchuthi atseka kwa aliyense mpaka atatha. Choncho kuchiliza sindidzakhalako. Zikundiwawa kwambiri, ndipo ndikudziwa zimene azakhali adzanene, kuti tauni yandimeza. Asiyeni anene.

Pempho langa ndi ili. Muwauze amayi kuti vidiyo ija inatayika pamodzi ndi foni yanga, ndipo palibenso kwina kumene ili. Adzadandaula, koma adzaiwala. Musawauze kuti amuna awo akuyendabe kwinakwake atavala chikhoti chawo chabwino, n'kumaomberedwa anthu akumwa tiyi. Amayi anawasambitsa, anawaona akutsikira m'manda, akudziwa kuti anagona. Asiyeni akhale ndi zimenezo. Inunso musadziimbe mlandu chifukwa chokwera mumtengo muja. Munakwera chifukwa ndinakupemphani ine. Mukatha kuwerenga, kalatayi muiotche, chifukwa amayi amapatsa aliyense wodutsa pepala lililonse kuti awawerengere.

Tsiku lachilizalo, anthu akadzafunsa za vidiyo, mudzangowafotokozera pakamwa. Inu ndi amene munawaona akuyang'ana m'mwamba, maso ndi maso. Mudzanene mpaka pamapeto, mpaka pomwe anavula chikhoti n'kuchikoleka panthambi.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti mafuta opaka mwendo ndidzapatsira a Laston ulendo wina. Moni kwa alamu anga, kwa ana onse, kwa azakhali a Esitele ndi amalume a Kefasi, komanso kwa amayi a m'mphakati wathu amene anatigwira dzanja pamaliro. Denga la nkhokwe mukonze mvula isanabwere, ndatopa kuliona lili chipendekere.

Chomaliza, achimwene, musandiseke. Pa ana onse, inu ndi amene munatengera kayendedwe ka abambo, ndipo khasu mumalikoleka ngati iwo, mutu kumsana. Mukamapita kudimba muzilinyamula m'manja, mutu wake uzionekera. Ndikudziwa kuti kwathu kulibe nkhondo, ndipo kumwamba kwa Mlonyeni kumangodutsa akhwangwala. Ingondimverani.

Ndine mlongo wanu wokusowani,
Dyna