Bala lapakhosi landithamangitsa pa chikamwini

Agogo,

Ndine bambo wa zaka 34 ndipo ndimapalasa kabaza pa Ntaja. Ndili pa chikamwini kwawo kwa mkazi wanga Zaituni, tili ndi ana awiri. Koma pamene ndikulemba kalatayi ndikugona m'golosale ya achimwene anga, pakati pa matumba a mchere. Chandichotsa pakhomo ndi kachirombo, ngakhale palibe akundikhulupirira.

Masabata awiri apitawo ndinanyamula mayi wina kupita naye kuminda ya mpunga, njira ya ku Chiuta. Pobwerera ndinamva kanthu kakuyenda pakhosi, ndinakawomba mbama n'kupukuta ndi dzanja, basi osakaganizanso. Patapita masiku awiri pamalopo panatuluka bala lofiira, lalitali ngati chala, lowawa ngati andithira phala lamoto.

Zaituni ataliona anandiyang'anitsitsa n'kufunsa kuti, "Kodi amene wakupsopsonaniyu amatafuna makala amoto?" Ine ndinaseka, Agogo, ndipo kusekako ndi kumene kunaipitsa zinthu. Tsoka ilo, mnansi wathu anali atandiona ndi mayi uja panjinga, ndipo pofotokoza anathirako mchere woti mayiyo anandigwira m'chiuno.

Nkhani inafika kwa ankhoswe. Mnzanga wa kabaza, Mahmudu, anandiuza kuti kuli kachirombo kowotcha khungu, kamakweza mchira kakamayenda. Ndinasakasaka m'nthochi mpaka ndinagwira kena kabulawuni, kokhala ndi tinyanga tiwiri kumchira ngati sizasi, n'kukatsekera m'bokosi la machesi. Tsiku la mlandu ndinakatulutsa pamaso pa onse, n'kukaphwanyira pamkono panga kuti aone okha.

Agogo, tinauyang'ana mkono umenewo kuyambira titangochoka kumzikiti masana mpaka nkhuku zinayamba kulowa. Ngakhale kachiphuphu sikanatuluke. Pomaliza malume ake a mkazi wanga, Che Bakari, anati, "Akamwini, nyerere yanuyi yaukana mlandu. Kapena tiitane mayi uja adzayese iyeyo?" Onse anafa nacho chiseko kupatula Zaituni, amene analowa m'nyumba akulira. Zinandipweteka kwambiri chifukwa mkaziyu ndimamukonda, ndipo chikwatirane sindinamuyendepo njomba.

Andipatsa mpaka Lamulungu kuti ndibweretse wopalamula weniweni, apo ayi nditenge njinga ndi bulangete langa ndizipita kwathu. Kodi kachirombo kameneka kamaoneka bwanji? Ndikakapeza, ndikapake pamkono pa Che Bakari kuti akhulupirire?

M.B., Ntaja

A M.B.,

Choyamba, asiyeni Che Bakari. Mukawawotcha mkono, mlandu wapakhosi utha koma muyamba wina woposa pamenepo. Inunso lekani kudzola tizirombo ngati mafuta.

Ine ndikukukhulupirirani, chifukwa bala mwafotokozalo limadziwika bwino kumadera a mpunga nthawi ya dzinja. Kungoti munagwira wosalakwa. Ka sizasi kumchira kaja n'kamtundu wina, sikawotcha munthu, ndipo kanafera za eni.

Wopalamula wanu ndi wowonda, kutalika kwake n'kongoposa pang'ono njere ya mpunga, ndipo mukamuona patali mungati ndi nyerere. Muyang'aneni mitundu, chifukwa amavala ngati wapita kwa telala ndi nsalu zotsala. Mutu wakuda. Chifuwa chofiirira ngati papaya wakupsa. Kenako timapiko tatifupi tonyezimira, takuda mopita kubuluu, tosafika n'komwe pakati pa msana. Mimba yofiiriranso, koma nsonga ya mchira yakuda. Akamathamanga amapinda mchirawo m'mwamba ngati chinkhanira, komatu alibe mbola, alibenso sizasi. Mahmudu anakuuzani za mchira wokha n'kuiwala zovala.

Kachiromboka sikaluma. Chimene chimawotcha ndi madzi a m'thupi mwake mukakaphwanyira pakhungu, ndiye mbama yanu ija ndi imene inapalamula, ndipo kupukuta kuja ndi kumene kunajambula mzere. Dziwaninso kuti balalo limachedwa, limatuluka pakapita tsiku kapena awiri. Ngakhale mukanagwira kenikeni, ankhoswe akanafunika kubwera ndi mphasa zogonera.

Tsono chitani izi. Kafufuzeni m'maudzu achinyontho m'mbali mwa minda ya mpunga, kapena pafupi ndi babu la pagolosalepo dzuwa likangolowa, pakuti kamakonda kuwala. Musakagwire ndi zala. Kakankhireni ndi tsamba m'kabotolo kooneka mkati n'kutseka. Mukatero pemphani ankhoswe a mbali zonse ziwiri akuperekezeni kuchipatala, Lamulungu lisanafike. Adokotala aone balalo, aonenso botololo, ndipo anene okha pamaso pa ankhoswewo. Mukalephera kukagwira pitanibe, chifukwa bala lotere achipatala amalizindikira, komanso likufunika mankhwala kuti lisatukusire. Mawu a munthu wovala gauni loyera amalemera kuposa a mkamwini wonyamula bokosi la machesi.

Kutsogoloku, kanthu kakamayenda pakhosi muzikapemerera kapena kukachotsa ndi tsamba. Mukakaphwanya mwangozi, sambani msanga ndi sopo, ndipo dzanjalo lisafike m'maso. Auzeninso anzanu a kabaza, mwina mupulumutsa mabanja angapo.

Chenjezo langa ndi ili: mlandu ukakukomerani, musalowe pakhomo chifuwa chili patsogolo n'kumalamula kuti akupepeseni. Anthu onse aja ankaseka, mmodzi yekha ndi amene ankalira, ndipo ameneyo ndi amene akuopa kukutayani. Botolo likatsale kwa ankhoswe, inu mupite kwa Zaituni chimanjamanja, mukhale naye pansi mumuuze zimene mwandiuza inezi, kuti mumamukonda. Zimenezo kuchipatala sakakunenerani.

Agogo