Nkhuku Yogona M'nyumba

Amayi, kumeneko kwacha bwanji? Kuno ku Hull, ku England, kuzizira kwachepa. Mdzukulu wanu Thoko wathothoka dzino. Akafuna kukuyitanani amangoti “Agogo,” zotsalazo n'Chingerezi. Achimwene aimba foni kuti chimanga mudabzala chija chadzaza nkhokwe, ndipo alamu abereka mwana wamkazi, amutcha dzina lanu.

Chibwerereni kumaliro, tulo timandivuta, ndiye ndikubwereka mabuku kulaibulale. Ndagwa m'nkhani za apamtima a mafumu akale a dziko lino. Mfumu inkangokonda munthu mmodzi, mwina chifukwa cha nkhope kapena nthabwala, n'kumupatsa minda ndi maudindo. Wofuna kuona mfumu ankayamba wagwada kwa iyeyo. Wapamtima wina adani ake adamugwira m'linga la m'mbali mwa nyanja, kumpoto kwa kuno, ndipo pambuyo pake adamudula mutu. Mfumu idalira, koma misozi sidabweze mutuwo. Ndidatseka bukulo n'kumva mawu anu: nkhuku yogona m'nyumba ndiyo imayamba kugwidwa alendo akabwera.

Nkhukuyo ndine, amayi. Kunyumba ya okalamba komwe ndimagwira ntchito, bwana wathu amandikonda mosabisa. Mutamwalira adandipatsa masabata anayi osafunsa kanthu. A Tembo, mnzanga wa ku Chipata uja, bambo awo atamwalira chaka chatha bwana adawakaniza tchuthi, maliro adawamvera pafoni. Nditabwerako a Tembowo adandipepesa mwaulemu wonse, koma tiyi sakumwanso nane. Ena ayamba kundinong'oneza kuti ndikawanenere kwa bwana za mashifiti.

Sabata yatha bwana adandipatsa ntchito yolemba rota, ndandanda ya amene agwire liti ndi amene apume liti. Ndidavomera, koma ndidati ikhale pakhoma, aliyense aziiwona. M'mabuku muja sindidapezemo wapamtima amene adagwa chifukwa chotsekulira anzake khomo.

Tsopano imvani chimene ndalembera kalatayi. Mu Ogasiti amalola munthu mmodzi yekha kupita kutali. Achimwene akonza zoika mwala pamanda panu mwezi womwewo, ndipo kwa a Tembo nakonso akumanga chiliza cha bambo awo. Bwana adali atalemba kale dzina langa ndi pensulo. Ndafufuta, ndalemba la a Tembo ndi bolopeni.

Achimwene akwiya, akuti mwana amene munkamusungira chiwindi cha nkhuku ndiye wayamba kukuthawani. Sindidawatsutse, poti chiwindicho ndinkadyadi ndekha iwo akuyang'ana. Koma ine ndidakuponyerani dothi ndi dzanja langa, amayi. A Tembo manda a bambo awo sadawaonepo. Mtima wanga uli m'malo, ndipo ndikudziwa kuti mukadandiuza zomwezo.

Dzulo a Tembo adaima nthawi yaitali pakhoma paja. Adaona dzina lawo pa Ogasiti. Pa buleki ndidapeza makapu awiri a tiyi patebulo.

Mwalawo auike ine kulibe. Mvula ikatha ndidzabwera ndi Thoko, adzawerenge dzina lanu yekha, m'Chichewa.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Nachisale