Amayi Ankagwa Lachiwiri Lokhalokha

Lilongwe,
24 Julaye

Okondedwa achemwali a Evelesi,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kodi chifuwa chija chinakusiyani? Kuno kukuzizirabe, koma tonse tili bwino, ndipo amayi ndawaona dzulo akudya bwinobwino.

Ndalemba kalata m'malo moimba foni chifukwa ndikufuna mukawawerengere amalume a Jobu, osadumpha mawu. Munandiuza kuti akubwera kumapeto kwa mwezi kudzawachotsa amayi kunyumba yosamalira okalamba ya ku Area 47, chifukwa anamva kuti agwa katatu. Anamva zoona. Ulendo wachitatu anang'ambika pamphumi mpaka anawasoka. Koma ndikupempha kuti amve kaye zimene ndinapeza.

Nditamva za kugwa kwachitatuko ndinapempha tchuthi kuntchito n'kupita komweko. Sindinafune kukalipira munthu ndisanadziwe chimene chikuchitika. Nesi wamkulu, mayi Immaculata, anandipatsa buku limene amalembamo wokalamba aliyense akagwa: tsiku, nthawi ndi malo. Sanandibisire tsamba lililonse. Ndinayang'ananso zina. Mankhwala a shuga amasungidwa m'firiji, amayi amabayidwa kawiri pa tsiku osaphonya, kumsana ndi kuzidendene kulibe zilonda, ndipo kubafa kuli zitsulo zogwirira.

Anesi ankaganiza kuti ndi chizungulire, choncho ankafuna kuti amayi azikhala pa njinga ya odwala tsiku lonse atamangidwa lamba. Ndinakana. Ndinawerengapo kuti wokalamba akasiya kuyenda miyendo imafooka msanga, ndipo amagwa kwambiri kuposa kale. Komanso pa masiku atatuwo shuga wawo anali bwino, zinalembedwa.

Nditayang'ana masikuwo pa kalendala ndinaona kuti onse anali Lachiwiri, cha m'ma teni koloko m'mawa, pabalaza. Lachiwiri ndi tsiku limene kumabwera adokotala, bambo Sulaiman. Ndiye Lachiwiri lotsatira ndinakakhala pakona n'kumangoyang'ana.

Achemwali, inu mukanazindikira msanga kuposa ine. Adokotala atangolowa, amayi anachoka pampando, anakonza chitenje, n'kugwada kuti awapatse moni, dzanja lamanzere litagwirizira lamanja monga timachitira kwathu. Adokotala, pochita manyazi kugwadiridwa ndi munthu wa msinkhu wa mayi awo, anawauza kuti adzuke msanga asavutike. Amayi nawo, posafuna kuchedwetsa mlendo, anadzuka mothamanga. Pansipo ndi pasimenti yopakidwa polishi mpaka munthu kumadzionerapo nkhope, ndipo iwo anali atavala masokosi. Ndinawagwira asanafike pansi.

Ndinawapempha kuti asiye kugwada. Iwo anandifunsa ngati sukulu yonse ija anandiphunzitsira kuti ndidzawaphunzitse iwo mwano. Anati dzina langa akhoza kumaliiwala masiku ena, koma sangalonjere munthu wowapatsa mankhwala ali chikhalire pampando ngati kuti iwo ndi a DC. Mayi Immaculata anaseka mpaka misozi.

Amene anapeza njira ndi adokotalawo. Anati ngati aNaphiri akukana kulonjera ali pamwamba, ndiye kuti iwowo ndi amene atsike. Tsopano Lachiwiri anesi amawakhazikiratu amayi pansi pabulangete. Adokotala akafika amavula nsapato n'kukhala pomwepo ndi makina awo oyezera BP, mawondo akulira. Akamaliza, anesi awiri amawadzutsa amayi pang'onopang'ono. Polishi anasiya kupaka, ngakhale a Maness okolopa akudandaulabe kuti alendo aziti iwo ndi aulesi. Masokosi ndinawagulira ena ku Msika wa Tsoka, okhala ndi timphira kunsi. Papita masabata asanu tsopano, dzina la amayi silinalowenso m'buku lija.

Sindikunena kuti zonse zili bwino. Loweruka ndi Lamlungu kumakhala anesi awiri okha pa okalamba khumi ndi anayi, ndipo ndinawalembera oyang'anira malowa kuti zimenezi sizikukwanira. Sanandiyankhe, ndiwakumbutsanso. Koma kwathuko chipatala chili kutali, firiji kulibe, ndipo amayi azigwadira aliyense wofika pakhomo inu muli kudimba, popanda wowadzutsa. Ndikudziwa kuti anthu akunena kuti tinawataya. Zimandiwawa nanenso. Komabe ndasankha kunenedwa kusiyana ndi kuti athyoke chiuno.

Pempho langa ndi limodzi. Bulangete lija amayi amadana nalo, akuti limawaonetsa ngati odwala. Akufuna mphasa yawo, ija inapsa pakona ndi nyali, imene ankakhalapo ndi bambo masana. Ndinawagulira yatsopano, koma anangoinunkhiza n'kunena kuti ndibweze kwa eni ake. Choncho amalume asasinthe ulendo wawo. Abwere ndithu, koma atenge mphasayo, ndipo afike Lachiwiri m'mawa. Adzakhale pansi ndi mlongo wawo pamodzi ndi adokotala, adzafunse chilichonse chimene akufuna, buku lija ndidzawawerengera ndine. Akadzaona okha n'kunenabe kuti amayi abwerere kumudzi, tidzakambirana pamphasa pomwepo amayi akumva, chifukwa nkhaniyi ndi yawo.

Mundiperekere moni kwa amalume ndi azakhali, kwa alamu a Edwell, ndi kwa ana onse. Amayi akupereka moni kwa amayi anzawo a kumpingo.

Nditawauza kuti ndikukulemberani, anandigwira mkono n'kundiuza kuti ndisaiwale chinthu chimodzi: pokulunga mphasayo, mbali yopsayo ikhale mkati, kuti anthu a m'minibasi asawaseke amalume.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Gladson