Mpunga wa Sadaka Yanu

Amayi,

Kodi mukukhala bwanji kumene muliko? Ife kuno tilipo, kungoti mwera wavuta chaka chino. Achimwene a Yusufu abwerako ku Mbenji ndi usipa wosadzaza n'dengu lomwe. Alamu anachira mwezi wathawu, mwana wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu. Akayamba kulira mudzi wonse umadziwa, ngati mwini dzina.

Mpunga munadzala kudambo uja tinakolola. Mbalame zinadyako ndithu, popeza woziopseza munali inu, koma thumba limodzi latuluka. A shehe ndi amalume agwirizana kuti sadaka yanu ichitike Lachisanu likubwerali, ndipo anthu adzadye mpunga womwewo. Nkhawa yanga yagona pamenepa.

Tonse tinkadalira kuti adzaphika ndi mng'ono wanu, Abiti Saidi. Koma anawalemba m'gulu la amayi okavina pa chikondwerero cha ufulu, ndipo lole inawatenga dzana. Inu mukudziwa kuti zimenezi munthu sakana. Basi maso onse ali pa ine, ati mwana wa mphiki sangasowe dzanja.

Sakudziwa kuti ine kuphika ndinaphunzira kusukulu ya zapakhomo kuboma, kwa kapu ndi supuni: makapu awiri a madzi pa kapu imodzi ya mpunga. Mukukumbukira mmene munkandisekera? Munkati, "Iwe Asiyatu, kodi kapu yakoyo ili ndi mphuno?" Ine n'kumafufuma, kudziona wophunzira. Mukamaphika pamaukwati ndinkakhala patali kuopa utsi m'zovala. Lero ndikayang'ana theka la mgolo munkaphikira lija, ndimangodzifunsa: Mgolo n'kuuyeza ndi kapu? Nanga moto wa nkhuni, supuni yake ndi iti?

Ndayamba kuyeserera ndi mpunga wopempha kwa anansi, wanu sindinauphikeko. Tsiku loyamba ndinawerenga makapu bwinobwino mumphika waukuluko pang'ono. Pansi panapserera, pamwamba pali gwa. Zinakondwa ndi nkhuku.

Ulendo wachiwiri kapu ndinaisiya pathandala, n'kuyesa kukumbukira manja anu. Ndinaviika dzanja m'madzi monga munkachitira, osadziwa n'komwe chimene ndikufuna kumva. Kenako mawu anu anandibwerera: "Mphika ukasiya kubwebweta n'kuyamba kunong'ona, chotsa nkhuni, makala apite pachivundikiro." Ndinagwada pamenepo, khutu kumphika, utsi uli m'maso, odutsa akundiyang'ana ngati ndazungulira mutu. Ndipo ndinamvadi, Amayi. Kubwata kunatsika, fungo n'kusintha. Mpunga unatuluka woyoyoka, ngakhale mchere ndinachita nawo mantha, unachepa. Achimwene, amene chakudya changa amadya akudandaula, anapempha ndi nkhoko zomwe.

Komabe kamphika si mgolo. Kudzabwera abale a ku Chitala ndi a ku Chinguluwe, anthu oti mpunga wanu anaudya zaka ndi zaka, ndipo lilime lawo silinaiwale. Ndikalakwitsa palibe thumba lachiwiri. Zonena za anthu ndingazipirire. Chimene chikundidya mtima n'chakuti chakudya chomaliza chochokera m'manja mwanu chingawonongekere m'manja mwanga, pa tsiku lokupemphererani duwa. Ndili ndi mantha, Amayi, sindikubisirani. Ndikanakhala pafupi nanu masiku aja, bwenzi pano ndikungosankha nkhuni.

Dzulo tisanayambe kusinja ndinatapa mpunga wodzaza manja awiri, ndaumanga m'kansanza n'kuupachika kudenga. Lachisanu ndidzaphika ndi dzanja, mphuno ndi khutu. Ukapserera sindidzathawira m'nyumba, ndidzaima pambali pa mgolo manyazi akhale anga. Koma ndikukulonjezani kuti mvula ikagwa ndidzafesa mbewu yanuyo kudambo komwe kuja, kuti ndikalephera chaka chino mudzandipatsenso mpata wina.

Ndine mwana wanu wokukondani, wosamva uja,
Asiyatu