Ndodo Yoonjezera M'chikwama cha a Solomoni

Joni, Lolemba, 24 Marso 2025

Okondedwa mana Feliciana, mlongo wanga,

Landirani moni wanga, inu ndi onse a pakhomo ku Mualadzi. Kodi muli bwanji? Nanga amayi, mwendo uja udasiya kutupa? Pa telefoni pa 9 Marso mudati chimanga chakumtunda chayamba kukhwima koma chakudambo chidalowa madzi. Ndikhulupirira kuti mvula yachepa tsopano. Ine kuno ndili bwino, kupatula phewa lamanja, limene limawawa chaka chilichonse nyengo ya masewero ikatha.

Ndasankha kulemba m'malo moimba, chifukwa nkhani iyi pa telefoni ndingaidule pakati, mwinanso nkubisako zina.

Mukudziwa kuti ntchito yanga ndi yonyamulira a Solomoni chikwama cha ndodo za gofu. Alamu anga a António amaseka kuti ndidadutsa malire awiri kudzanyamulira mwamuna mnzanga ndodo ngati tikupita kokumba mbewa. Alekeni aseke. A Solomoni ndi a konkuno, ali ndi zaka 38, ndipo gofu ndiye khasu lawo. Amamenya kampira koyera mpaka kalowe m'dzenje, maenje 18 pa tsiku, masiku anayi. Wopambana ndi amene wamenya kochepa. Ine ndimanyamula, ndimayeza mtunda ndi mapazi, ndimaona kochokera mphepo, nkuwauza ndodo yoyenera.

Nyengo yathu idayamba pa 22 Mayo chaka chatha, idatha pa 16 Marso. Tidalowa mipikisano 21. Pakatha masiku awiri, theka la osewera amabwezedwa kwawo. Ife tidabwezedwa ka 9, tidafika kumapeto ka 12. Zonsezi zili mu kaderno wanga, kabuku kamene ndimalembamo.

Mana, ndikadakonda mukadawaona pa 19 Otubro, pabwalo la m'mbali mwa nyanja yamchere. Mphepo inkachotsa anthu zipewa. Kampira kawo kadagwa kuseri kwa mtengo, mapazi 164 kufika pa mbendera yosonyeza dzenje, ndipo ine ndidati angokakankhira pambali. Iwo adaseka, nati ndiime patali ndisawatsekereze njira. Adakamenya motsika, kadazungulira mtengo ngati kali ndi maso, nkukaima mapazi atatu kuchokera padzenje. Tsiku limenelo adakhala achinayi, ndipo ndiwo malo abwino kwambiri amene tidapeza chaka chonse.

Koma chimene ndimawalemekezera si dzanja lokha ayi. Ndaona akatswiri akuponya ndodo m'madzi, ena akutukwana wonyamula pamaso pa anthu. A Solomoni zikavuta amangopempha madzi akumwa. Otchetcha udzu amawapatsa moni ndi maina awo.

Tsopano ndifike pa nkhani. Nyengo ikatha, osewera 100 oyamba pamndandanda amasunga chiphaso chosewerera chaka chamawa. Otsalawo amakayesedwanso pamodzi ndi ongoyamba kumene. Pofika mpikisano womaliza, a Solomoni adali pa nambala 103. Kuti akwere, ankayenera kutha m'gulu la anthu 15 oyamba. Masiku atatu oyamba adamenya 70, 71 ndi 69, pamodzi 210, ndipo adali pa nambala 12. Chiphaso chidali m'manja.

Lamulo limati m'chikwama musapitirire ndodo 14. Ine ndimaziwerenga kawiri tisadayambe, ndikugwira mutu wa ndodo iliyonse ndi dzanja. Zaka zinayi ndachita choncho osaphonya.

Tsiku lachinayi, Lamulungu lija la pa 16 Marso, pamalo oyeserera, munthu wina wogulitsa ndodo adawapatsa yatsopano kuti aiyese. Adamenya nayo kasanu, nkuitsamiritsa pachikwama. Pomwepo mvula idayamba. Ndidasonkhanitsa zonse mofulumira, ndidavindikira chikwama, ndidatambasula ambulera, ndipo maina athu adaitanidwa. Ndidawerenga ndi maso okha.

Tidasewera dzenje loyamba bwinobwino. Titafika poyambira lachiwiri ndidapisa dzanja m'chikwama, ndipo ndidagwira mutu umene dzanja langa silikuudziwa. Ndidawerenga. Zidali 15.

Palibe adaona, mana. Wosewera mnzawo ndi wonyamula wake adali atabisala m'maambulera, atatifulatira. Pafupi pomwepo padali dziwe la bango. Ndidawanong'oneza a Solomoni kuti ndodo yogulitsa ija yalowa m'chikwama, koma ndingathe kuikulunga m'thaulo nkukaiponya m'bango ngati ndikupita kukataya madzi. Mawu amenewo adatuluka pakamwa panga, ine mwana wa amayi.

Sadakwiye. Adandifunsa ngati kuiponya m'bango kungaichotsenso m'chikwama padzenje limene tasewera kale. Adakweza dzanja kuitana woweruza, nafotokoza okha. Woweruza adawaonjezera kumenya kuwiri monga chilango, natenga ndodoyo. Kenaka a Solomoni adatembenuka nandifunsa kuti kufika pa mbendera ndi mapazi angati. Ine ndidayamba kupepesa. Iwo adati kulira tidzalira pa basi, pakadali pano akufuna nambala. Ndidawauza kuti 187.

Sindidawaonepo akusewera ngati tsiku limenelo. Mvula ikuwamenya kumaso, manja akuterera, iwo osafulumira ngakhale pang'ono. Padzenje lomaliza adalowetsa kampira kuchokera pamapazi 11, anthu nkuwomba m'manja ataika maambulera pansi. Adamenya 70. Kuphatikiza chilango, 72. Masiku onse anayi, 282. Wa nambala 15 adali ndi 281. Pakadapanda ndodo ija akadakhala ndi 280. Nyengo adaitsiriza ali pa nambala 101.

Wolemba nyuzi wina adawafunsa kuti wolakwa ndani. Ine ndidali pambali ndikupukuta ndodo zimene zidali zouma kale. Adamuyankha kuti chikwama ndi chawo, ndipo iwonso amatha kuwerenga mpaka 14 ngati wina aliyense. Dzina langa sadalitchule. Za bango sadauze munthu mpaka lero, ngakhale akazi awo, amene adandipatsa tiyi Lachiwiri lapitali ngati palibe chachitika.

Anzanga onyamula zikwama ndiwo sandileka. Yosiya wa ku Mchinji, amene timagona naye nyumba imodzi, tsopano amanditcha a Profesoro a masamu. M'mawa uliwonse amanditambasulira manja ake kuti ndimuwerengere zala, aone ngati sichidamere cha 11. Ndimaseka naye, chifukwa iye amangodziwa kuti ndidalakwitsa kuwerenga, za bango sazidziwa.

Pempho langa ndi ili. Mayeso obwezera chiphaso adzayamba Lachiwiri pa 15 Abrili, adzatha Loweruka pa 19. Ubatizo wa mwana wanu Gilda uli pa Pasaka, pa 20, ndipo ndidalonjeza kudzakhala padrinyu wake, kumuimirira pa ubatizowo. Ndawerenga njira kangapo. Basi kuchokera kuno kufika ku Tete ndi masiku awiri, shapa, minibasi ija yolowera ku Cassacatiza, ndi njinga yamoto yofika kwathu ndi tsiku lachitatu. Sizikukwana.

A Solomoni atamva zimenezi adandiuza kuti ndipite kwathu. Adati mwana amabatizidwa kamodzi, pamene gofu ilipo chaka ndi chaka, ndipo wonyamula wina angampeze. Ndidakana. Bwalo la mayesolo ndaliyenda ka 14, ndikudziwa kumene udzu wake umapendekera, ndipo wachilendo sangaphunzire zimenezo m'masiku awiri. Pa zaka 38, akalephera ulendo uno sindikudziwa ngati adzabwereranso. Ndodo ija ndidaiika m'chikwama ndine.

Choncho chonde mupite kwa akatekista, akatifunsire kwa a padiri ngati Gilda angadikire mpaka Pentekoste, pa 8 Junyu. Ngati avomera, ndidzanyamuka pa 2 Junyu. Ngati sizingatheke, musamuchedwetse mwana chifukwa cha ine. Mng'ono wanga Dinis aime m'malo mwanga, ndipo sindidzadandaula. Ndikudziwa kuti mudakonzeka kale, ndiponso kuti mudauza anthu. Pepani, mana.

Amayi adzafunsa chifukwa chake sindikubwera. Muwawerengere kalatayi yonse, musadumphe pa bango paja. Asamve kuti mwana wawo adalakwitsa kuwerenga kokha. Amve zimene ndidanena, amvenso zimene adandiyankha munthu amene ndikutsalira.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa alamu a António, kwa Dinis ndi mkazi wake Jacinta, kwa atsibweni ndi azakhali, ndi kwa anzathu a m'kwaya. Gilda mumugwire dzanja m'malo mwanga. Pa Misa ya Lamulungu la Kanjedza mutikumbukire tonse awiri, ine ndi a Solomoni.

Tsalani ndi mtendere wa Ambuye.

Ndine mlongo wanu,
Silvano